Sefa Yoyera

Mwana wanga woyamba anamutsekera Lachitatu masana, ine ndili kuseri ndikuyanika zovala. Anadzandiuza ndi mlongo wake, mzime wanga. Anaima pakhomo misozi ili chuchuchu, mpaka ine mayi wa womangidwayo ndi amene ndinayamba kumutonthoza. Ndinamupatsa madzi akumwa, n'kumamusisita pamsana ngati kale ali mwana. Madzi amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Ana anga awiriwa ankagwira ntchito malo amodzi, pafakitale yoika mkaka m'mapaketi. Wamkuluyo, wamkazi, ankayang'anira zotsuka mathanki ndi mapaipi. Anzake ankamutcha Mayi Kawiri, chifukwa kwa iye chinthu chotsukidwa kamodzi n'chosatsuka. Wamng'onoyo, wamwamuna, anali wa mulabotale, woyeza mkaka ndi madzi, ndipo chifukwa cha jasi lake loyera ankamuti Dokotala. Sabata ya m'mbuyo mwake ana khumi ndi mmodzi a pasukulu ina ya ana aang'ono anatsekula m'mimba atamwa mkaka wa pafakitalepo. Khumi anachira. Kamtsikana kamodzi ka zaka zitatu sikanatuluke m'chipatala ndi moyo.

Ine ndinagwira ntchito yoyendera zaukhondo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mabutchala, malesitilanti, makhitchini a zipatala, monsemo ndinalowamo. Ankanditcha Mayi Chala, poti sindinkakhulupirira maso, buku, kapena pakamwa pa mwini malo. Ndinkapisa chala kunsi kwa tebulo n'kuchinunkhiza. Ndiye wina andiuze kuti mwana wolera ine wapha mwana wa eni chifukwa cha uve? Lachinayi m'mawa ndinavala nsapato zanga zakale za kuntchito.

*

Wapolisi wofufuza nkhaniyo anali bambo woonda, wa magalasi amene ankawapukuta pafupipafupi ngakhale anali oyera kale.

"Ndimakudziwani, mayi," anatero. "Munatseka lesitilanti ya azakhali anga."

"Inali yauve."

"Inalidi." Anandikankhira chithunzi patebulo. "A zaumoyo anadula paipi yopita kumakina odzazira mkaka. Taonani mkatimo."

Ndinaona. Mkati mwa paipiyo munali ulenda wotuwa, wokhuthala, womatirira mbali zonse. Ulenda wotere sumera sabata imodzi ayi.

"Buku la mwana wanu likuti ankatsuka Lachisanu lililonse, ndi mankhwala onse awiri. Ankasaina yekha. Paipi ikukana. Inu mukanakhala ine, mukanamvera buku kapena paipi?"

"Paipi," ndinayankha.

"Ndiye mwaonatu. Pali mboni yanena kuti masiku ano ankadandaula kutopa, ndipo ntchito ankaidula pakati. Palinso zina zimene mukazimve kukhoti Lolemba. Sindikubisirani, mayi, akapezeka wolakwa ndi zaka zambiri."

"Mboniyo ndi ndani?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Ndikupatsani mphindi khumi. Kamuoneni."

Anam'bweretsa wopanda nsapato. Mwana ameneyu salira pagulu, anatengera ine. Anakhala tsonga, manja pamaondo.

"Amayi, mwamwa mankhwala anu a shuga?"

"Za shuga zisiye. Unkatsuka kapena sunkatsuka?"

"Ndinkatsuka."

"Kawiri?"

"Kawiri. Mukudziwa mmene zimakhalira. Kolorini amapha tizilombo timene watipeza pamtunda. Koma tikakhalitsa mupaipi timamanga ulenda uja n'kubisala mkati, ngati munthu wofunda lona pamvula. Kolorini amangotsetsereka pamwamba. N'chifukwa chake ndimayamba ndi mankhwala achikasu, ofewetsa aja. Amayenda m'mapaipi theka la ola, n'kung'amba ulendawo. Ndikatsukuluza, ndiye ndimathira kolorini, apeze tizilombo tili pambalambanda. Njira imeneyi ndinailimbikira ndine pafakitale ija, Amayi. Ndingaisiye bwanji?"

"Mankhwala achikasuwo umawakhudza?"

"Sakhudzidwa. Amawotcha. Amachoka mumgolo kudzera m'kapaipi koonekera mkati. Ine ndimatsegula kampopi, ndikaona chikasu chikukwera ndimayamba kuwerenga nthawi."

"Nanga zoyeza za kulabotale?"

"Zoyera miyezi yonse. Amayeza ndi mlongo wanga yemwe." Apa mawu ake anafewa. "Ali bwanji? Musamusiye yekha, uja ndi wofooka mtima."

Ali m'chitokosi, mapazi ali pasimenti, iye akudandaula za mlongo wake. Ndinatuluka msanga kuti asaone nkhope yanga.

*

Fakitale inali yotseka, makina onse ali zii. Bwana wa pamalopo anandilandira atathina tayi, fungo la perefyumu litatsogola. Anthu otere ndinakumana nawo ambiri. Amayamba ndi mawu akuti "ife monga kampani," ndipo akatero dziwani kuti pali chimene chikuwola kuseri.

"Ife monga kampani takhudzidwa kwambiri, mayi. Koma ukhondo wathu ndi wosakayikitsa. Munthu mmodzi ndi amene watigwetsa. Bwerani muone nokha."

Ananditengera kumapeto kwa mapaipi, pamene madzi otsukira amatulukira. Anakoka kasefa ka waya n'kukaonetsa kudzuwa, monyadira ngati akuonetsa mendulo.

"Onani. Ngwee! Chinthu chilichonse chotuluka m'mapaipi chimadutsa apa. Mukuona kachitsotso?"

Sindinaone kachitsotso ngakhale kamodzi. Foni yake inalira, ndipo anapatuka kukanena "ife monga kampani" kwa munthu wina.

Pafupi pomwepo panali mayi wosesa, wonenepa, wamfupi, atatsamira tsache. Ankandiyang'ana chibwerereni.

"Inu ndi amayi awo a Mayi Kawiri," anatero. "Kuyenda kwake n'komweko. Sefa imeneyo isakunamizeni. Woitsuka ndine."

"Imakhala yoyera chonchi nthawi zonse?"

"Yoyera? Mayi inu, kale Lachisanu ndinkaliwopa ngati tsiku lozula dzino. Akangothira achikasu aja, apa pankatuluka zinthu zoti simungadye tsiku limenelo. Zolendalenda, zotuwa, fungo lake logwetsa ntchentche. Ndinkakhula ndi bulashi mpaka msana kuuma. Ndiye mwadzidzidzi zinangosiya. Ine kumtima ndinati zikomo, wina wandipempherera."

"Zinasiya liti?"

"Mwezi uno ndi wachinayi."

"Mwana wanga anaona?"

"Kuona? Uja salola ntchentche kudutsa osaifunsa kumene ikupita. Anaizula sefayo, kuitembenuza uku ndi uku, n'kuinyamula m'manja kupita nayo kwa a Dokotala. Ine ndikutsatira ndi tsache langa, poti makutu sasiyidwa kunyumba. Anati, mlongo wanga, tandiyezerenso, izi sindikuzimvetsa. A Dokotala anayeza. Patatha masiku atatu anabwera ndi pepala, akuti asisi, mwapambana, ulenda watha m'mapaipi, palibenso choti chituluke. Anakumbatirana pompa, ine kuwaombera m'manja."

Ndinayang'ananso sefa ija. Ulenda wa pachithunzi unali ukadali mupaipi, wonenepa. Sefa inayera chifukwa panalibe chimene chinkaung'amba.

"Zodabwitsa sizinathere pomwepo," mayi uja anapitiriza, poti anali atapeza womvetsera. "Kuseri kwa labotale kuli ngalande, imadutsanso pakhomo la sitolo ya mankhwala. Ngalande imeneyo inandidya zaka zisanu ndi chimodzi. Kutsekeka sabata ndi sabata, yoterera ngati sopo. Lero mukaione. Simenti yake ikuwala, ndere zonse zinapsa. Ine sindinaithire kanthu."

"Zinayamba liti?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana sefa. Tsache linamupulumuka m'manja.

"Mwezi uno ndi wachinayi," anatero motsitsa mawu.

*

Bwana uja sanafune kutsegula sitolo. Ndinamuuza kuti ndikadali ndi manambala a anzanga a ku zaumoyo, ndipo ena mwa iwo amakonda kubwera ndi atolankhani. Anakatenga kiyi.

"Makiyi a pano ndi awiri okha," anatero akutsegula. "Wanga amagona m'kabati yokhoma mu ofesi. Winayo ali pamulu umodzi ndi makiyi a galimoto ya mwana wanu wamkaziyo."

Migolo inali iwiri. Wa kolorini unandiboola mphuno ndisanaufike. Wachikasu unali pakona, kapaipi kake koonekera mkati kali kodzaza bwinobwino, mtundu wake wowala. Pambali pake analembapo zochenjeza ndi chithunzi cha dzanja lopsa. Ndinapotokola chivundikiro.

"Mayi, musayerekeze! Amawotcha amenewo."

Ndinapisamo chala mpaka pamfundo yachiwiri.

Ndinadikira kuwawa, koma sikunabwere. Ndinatikita chalacho ndi chala chachikulu. Mankhwala ofewetsa amaterera, amachita thovu. Awa anali madzi basi, ozizira. Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Chala changa chokha n'chimene chinasanduka chachikasu, ndipo nditachipukuta pa mpango, mpangowo unasandukanso.

"Apolisi anauyeza mgolowu?"

"Anangoona kuti ukutsika sabata ndi sabata monga mwa buku," bwana uja anayankha, tayi ija tsopano ikuoneka kuti ikumutsamwitsa. "Koma... zatheka bwanji? Mgolo watsopano umabwera kumayambiriro a mwezi, womata. Ndimaulandira ndekha."

"Umabwera weniweni. Wina amakhuthulira mankhwalawo m'ngalande umo n'kudzazamo madzi opaka utoto."

Ndinatunga pang'ono m'kabotolo ka mankhwala anga a shuga, nditakhuthulira mapiritsi m'thumba. Mtima unali utayamba kupepuka. Mwana wanga ankatsukadi kawiri, anthu anangomupita pansi. Chinatsala n'kudziwa mwini dzanjalo.

Pageti ndinapeza mlonda, mkulu wa ndevu zoyera amene ankaima chilili polankhula ngati akadali msilikali.

"Madamu, ine ndimalemba chilichonse. Apolisi atenga buku langa, koma zonse zili muno." Analoza mutu. "Lamlungu pano sipabwera munthu. Kupatula galimoto ya Mayi Kawiri. Inabwera kanayi, Lamlungu loyamba la mwezi, nthawi ya hafu pasiti thu. Kutuluka cha m'ma hafu pasiti fili."

Ndiye izi zinali zina zija zimene ndimayenera kukazimva kukhoti.

"Munamuona iyeyo?"

"Magalasi a galimoto ija ndi akuda, madamu. Ndipo imakaima kuseri. Ine ikaliza hutala ndimatsegula, ndilemba nambala, nditseka. Apolisi anandifunsa nambala, ndinawapatsa nambala." Anakanda ndevu. "Kungoti Lamlungu amabwera atakwiya."

"Atakwiya bwanji?"

"Masiku onse hutala yawo ndi kawiri, pi pi, mwaulemu. Lamlungu ayi. Amaikanikiza kamodzi, osasiya, mpaka nditatsegula. Ngati ine ndi wogontha."

Ndinagwira chitsulo cha geti. Lamlungu lililonse ana anga onse awiri amadzadya nkhomaliro kwanga. Tikatha kudya, wamkulu amathira madzi ofunda m'beseni n'kundiviika mapazi, kenako amandiwenga zikhadabo, poti ndi shugayu sindiloledwa kudziwenga ndekha. Hafu pasiti thu, Lamlungu lililonse, mwana wanga amakhala atagwada pakhonde panga, phazi langa lili pamwendo pake. Ndipo pali mawu amene ndinawamva kangapo ndili m'besenimo: asisi, tandibwerekani makiyi, ndikagule zakumwa.

Hutala yokanikiza osasiya ndimaidziwa. Ndakhala ndikuikalipira pageti panga chiyambireni mzime wanga kuphunzira kuyendetsa.

*

Sindinapite kupolisi. Ndinadziuza kuti hutala si umboni, kuti mlondayo ndi wokalamba, kuti mwina wina anadulitsa kiyi. Zaka makumi atatu ndinkaseka eni malesitilanti akamapeka zifukwa, lero ndinapeka zanga ulendo wonse wa m'minibasi.

Mpongozi wanga, mkazi wa mzime wanga, ndinamupeza kukhitchini kwawo, ufa uli mpaka m'zigongono. Amaphika makeke ogulitsa, ndipo ndi munthu woti akakuona pakamwa pake sipatsekeka.

"Amayi, mwabwera osanena. Khalani, khalani. Asisi ali bwanji? Ine usiku sindinagone. Bambo a mwanayu ndiye osanena, chakudya akungochiyang'ana. Atuluka kukaonana ndi loya, abwera posachedwa. Ndikupangireni tiyi wopanda shuga?"

Pashelefu panali timabotolo ta utoto wa makeke, tondandalikidwa bwino. Tofiira, tobiriwira, tapinki. Ndinaika chala changa chachikasu patebulo.

"Wachikasu watha?"

"Ameneyo musanene. Ndimagula, ndikamafuna kuphika ndipeza palibe. Bambo a mwanayu amatenga, akuti akuyesera zinazake kuntchito. Mabotolo anayi nthawi imodzi. Ndinati kodi kulabotale kwanuko mwayamba kuphika makeke? Anangoseka. Ndipo taonani zimene anachita ndi malaya aja munawagulira."

Anapita pakhomo la kuseri. Pamenepo panali beseni la madzi, fungo la bulichi likutuluka. Pampando panali malaya amizeremizere, amene ndinamugulira mzime wanga atamaliza digiri, amene ankakonda kuvala Lamlungu pobwera kwanga. Mkono wakumanja unali wachikasu kuyambira pabatani mpaka chapakati.

"Ndinachapa ndi sopo kawiri, osachoka. Ndinangowaponya m'dengu. Ndiye lero m'mawa akuti, malaya aja uwaviike mubulichi, lero lomwe, usaiwale. Munthu woti sadziwa ndi pamene pamakhala sopo m'nyumba muno." Anawanyamula kuti awaponye m'beseni.

Ndinamugwira dzanja. Ndiyenera kuti ndinamugwira mwamphamvu, chifukwa anasiya kuseka.

"Ndipatseni kuno, mwanangu."

"Amayi, chavuta n'chiyani?"

"Tengani mwana mupite naye kwa anzanu. Keke ipse yokha."

*

Mzime wanga anabwera cha m'ma fili. Anandipeza pabalaza pake, malaya ali pamiyendo panga, kabotolo kali patebulo. Anayang'ana zonse ziwiri, n'kukhala pansi mwakachetechete. Sanafunse n'komwe.

"Lankhula," ndinatero.

"Sindinkafuna kuti munthu afe, Amayi."

"Sindinakufunse zimene sunkafuna."

Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Chaka chatha kunali msonkhano wa akuluakulu. Ndinaimirira n'kunena kuti kolorini payekha ndi wokwanira, kuti zoyamba ndi mankhwala achikasuzi n'kutaya nthawi. Ndinali ndi mapepala. Mukudziwa zimene ananena asisi? Anati, Dokotala, m'mabuku akowo mulibe mapaipi. Chipinda chonse chinaseka. Ine wa digiri, iwo a setifiketi, koma wosesa yemwe amadziwa kuti pafakitale paja mawu ndi a Mayi Kawiri. Ine ndi mlongo wawo chabe, amene anamupezera ntchito."

"Anakupezeradi."

"Mwaona? Ngakhale inu." Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndinkafuna miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kenako ndidzaimirire pamsonkhano womwewo, ndidzati, onani zoyeza, zonse zoyera, chonsecho miyezi yonseyi mwakhala mukuthira madzi a keke. Basi. Ndimafuna andimve kamodzi kokha. Ndipo zoyezazo sindinaname, Amayi. Zinkatuluka zoyeradi."

"Unkatunga pati?"

"Pampopi wa kumapeto."

"Nthawi yanji?"

"Akangomaliza kutsuka."

"Kolorini atangodutsa kumene. Unamasulapo chigongono cha paipi n'kupisamo kathonje? Unayezapo Lachitatu, mkaka utayenda masiku anayi pamwamba pa ulendawo?"

Anapukusa mutu.

"Mwana wa Mayi Chala," ndinatero. "Unakula ukundiona ndikugwada pansi pa matebulo a anthu. Iwe unayeza pamene unkadziwa kuti payera, chifukwa yankho unali nalo kale m'thumba. Ndipo mlongo wako anabwera kwa iwe sefa ili m'manja. Anakufunsa. Tsiku limenelo mwana wa eni uja anali moyo, akusewera. Unangofunika kutsegula pakamwa."

"Ndinkakhulupirira kuti ndikulondola."

"Nanga ana atagonekedwa m'chipatala, unkakhulupirira chiyani? Nanga apolisi atabwera? Mboni ija yonena kuti ankatopa, ankadula ntchito pakati, ndi ndani?"

Anayang'ana pansi. "Anandipanikiza ndi mafunso. Ndinachita mantha."

Ndinkadziwa kale, koma kumva ndi makutu n'kwina. Mwana ameneyu anabadwa wosakwana masiku, ndipo mlongo wakeyo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi amene ankamubereka ine ndikapita kuntchito. Anasiya sukulu panjira kuti iye afike kuyunivesite. Ndipo dzulo lomweli mnyamata yemweyu anaima pakhomo panga kumulirira, ine n'kumupatsa madzi.

Anatsika pampando n'kugwada, kundigwira mapazi omwe aja mlongo wake amawaviika.

"Amayi, tamverani. Loya wanena kuti umboni wawo ndi wofooka. Akhoza kuwapatsa zaka ziwiri, mwina kungowamasula. Asisi ndi olimba, mukuwadziwa, apirira. Alibe mwana, alibe banja. Ine ndili ndi mwana wa zaka zitatu. Ndikalowa ine, ndithera momwemo. Malayawo ndipatseni. Za mgolo uja anthu aziti ndi bwana, kapena ogulitsa mankhwala. Palibe angadziwe."

"Wa zaka zitatu," ndinatero. "Ngati uja anamuika m'manda Lolemba."

"Mungandipereke, Amayi? Mwana wanu?"

Ndinafuna kumumenya, ndipo ndinafuna kumunyamula. Zonse ziwiri zinali m'manja mwanga nthawi imodzi, choncho sindinachite chilichonse. Ndinapinda malaya aja mosamala, mkono wachikasu mkati, n'kuwaika m'chikwama pamodzi ndi kabotolo.

"Chotsa manja ako," ndinatero. "Ndikupita kupolisi wapansi. Ndi miyendo yangayi ndi ulendo wa ola lathunthu. Iwe ukakwera minibasi pakona apo, mphindi khumi wafika. Ukafika iwe poyamba, ukalankhula ndi pakamwa pako, ndipo ine ndidzakhala kumbuyo kwako kukhoti tsiku lililonse, ndidzakubweretsera chakudya mpaka mapazi awa adzakane. Ndikafika ine poyamba, akalankhula ndi malayawa."

Ndinatuluka osatseka chitseko.

*

Chibadwire sindinayendepo pang'onopang'ono ngati tsiku limenelo. Ndinaima pamalo ogulitsa matayala ngati ndili ndi galimoto. Ndinawerenga zikwangwani zonse za m'mbali mwa msewu. Pamalo owolokera ndinalola magetsi asinthe kawiri. Minibasi iliyonse yodutsa ndinkaisuzumira m'mawindo, kufunafuna mutu umene ndinkaumeta ndekha ndi lumo. Ulendo wa ola limodzi ndinauyenda ola ndi theka, chikwama chikulemera ngati muli njerwa.

Wapolisi uja anali akadali pa tebulo lake.

"Mwabweranso, mayi."

"Pabwera munthu aliyense kudzakuonani masana ano? Pa nkhani ya mkaka ija?"

"Ayi. Mumayembekeza wina?"

"Ndiloleni ndikhale pabenchi apo pang'ono."

Ndinakhala moyang'ana pakhomo. Analowa mayi wina woberedwa foni. Analowa bambo woledzera atagwidwa ndi anzake awiri. Kuseri kwa khoma, kwinakwake, mwana wanga wamkazi anali atakhala pasimenti akudandaula kuti mlongo wake ndi wofooka mtima. Wotchi ya pakhoma inayenda mphindi makumi awiri. Ndinaipatsanso zisanu.

Kenako ndinaimirira, n'kuika kabotolo patebulo la wapolisiyo. Ndinamuuza za sefa, za ngalande, za hutala, ndi kumene mwana wanga amakhala hafu pasiti thu Lamlungu. Anamvetsera osandidula, magalasi ali m'manja, osawapukuta. Pomaliza ndinatulutsa malaya aja n'kuwatambasula, mkono wachikasu pamwamba.

"Ndi a ndani?" anafunsa.

"A mboni yanu," ndinatero. "Ndinamugulira ndine."